Malungo a ku Joni amabwera pa basi

Udzudzu umene umakulirirani m'khutu usiku ku Rosettenville kapena ku Diepsloot si umene umafalitsa malungo. Wambiri mwa umenewu ndi wa mtundu wa Culex. Wa malungo ndi Anopheles, ndipo umene umaluma ndi waukazi wokha, pofuna magazi okhwimitsira mazira. Johannesburg ali pamalo okwera mamita opitirira 1,700, kotero kuzizira kwa kuno sikuulola kukhazikika. Mu South Africa malungo ali kuzigwa za Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Meyi.

Komabe Januwale aliyense ife a zachipatala timalandira odwala malungo, ndipo ambiri amakhala kuti angotsika kumene basi ku Park Station. Munthu wapita kumudzi pa Khirisimasi, dzinja lili pakati, wagona wopanda neti ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Tizilombo tikalowa m'thupi timayamba tabisala m'chiwindi, munthu osamva kanthu. Pakatha sabata imodzi kapena awiri m'pamene timalowa m'magazi, iye atabwerera kale kuntchito. Mutu, kuphwanya m'thupi, kunjenjemera: amati n'chimfine, n'kugula Panado pashopu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "ine ndinakulira m'malungo." Chitetezo chimene thupi limapeza polumidwa kawirikawiri sichikhalitsa. Mukakhala kuno zaka zingapo chimafooka, ndipo ana obadwira ku Joni alibiretu. Plasmodium falciparum, kachilombo kofala kwathu, kangathe kufika ku ubongo ndi impso m'masiku ochepa. Amayi oyembekezera ndiye ali pachiopsezo chachikulu.

Nthawi zina udzudzu womwewo umakwera nawo minibasi kapena kubisala m'katundu, n'kudzaluma munthu amene sanatulukeko mu Gauteng. Bungwe la boma loona za matenda opatsirana la NICD ku Sandringham limafufuza odwala otere. Sizichitika kawirikawiri, koma zimapha chifukwa palibe amene amaganizira malungo.

Thupi likatentha mutabwera kuulendo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo nenani nokha kumene munali, musadikire kufunsidwa. Kuyeza n'kobaya chala basi. Akapanda kuwapeza koma thupi likutenthabe, kayezetseninso mawa lake. Akakupatsani Coartem, amene kwathu timati LA, mwani kawiri patsiku masiku 3 onse, mutadya chakudya cha mafuta kapena kumwa mkaka, ngakhale mutayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri.