Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo: mfuti zochokera kunja, mkwiyo wa m'mudzi

Anthu ambiri akamafotokoza nkhondo imene idasakaza Mozambique kuyambira 1977 mpaka 1992 amangoti inali nkhondo ya okonda chikomyunizimu ndi odana nacho. Mawuwa ndi oona mbali imodzi yokha. Amatiuza kumene mfuti zinkachokera, koma satiuza chifukwa chake Renamo, kagulu koukira boma la Frelimo kamene kadayamba ndi anthu mazana ochepa, kadakula mpaka kufika m'zigawo zonse za dzikolo.

Mozambique idalandira ufulu pa 25 June 1975, Samora Machel ndi chipani cha Frelimo atamenyana ndi Apwitikizi kwa zaka khumi. Apwitikizi ambiri adachoka mothamanga, ndipo ndi iwo amene ankayendetsa masitolo, minda ikuluikulu, madoko ndi njanji. Boma latsopano lidatenga malo, sukulu, zipatala ndi nyumba zalendi kukhala m'manja mwake. Mu February 1977, pa msonkhano wake waukulu wachitatu, Frelimo idalengeza kuti ikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, ndipo mwezi wotsatira idasainirana pangano la ubwenzi ndi Soviet Union.

Komabe chimene chidayatsa moto si chilengezocho. Mu March 1976 Machel adatseka malire ndi Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ndipo adalola asilikali a ZANU, chipani chomenyera ufulu wa Zimbabwe, kumenya nkhondo yawo kuchokera m'dziko lake. Boma la azungu la Ian Smith lidabwezera. Nthambi yake ya akazitape, motsogozedwa ndi Ken Flower, idasonkhanitsa anthu okhumudwa ndi Frelimo pamodzi ndi ena amene adagwirapo ntchito ya usilikali pansi pa Apwitikizi, nkuwapatsa zida ndi maphunziro. Umu ndi mmene Renamo idayambira. Mtsogoleri wawo woyamba anali André Matsangaissa, msilikali wakale wa Frelimo, amene adaphedwa ku Gorongosa mu October 1979. Dzina lake lidatsala pakamwa pa anthu: mpaka lero ambiri amati "Matsanga" akamanena za Renamo. Boma la Frelimo linkawatchula kuti bandidos armados, kutanthauza achifwamba onyamula zida.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, ambiri ankayesa kuti Renamo yatha. M'malo mwake asilikali a boma latsankho la South Africa adaitenga, ndipo pansi pa Afonso Dhlakama idakula kwambiri. Cholinga cha Pretoria chinali chosabisika: kulanga Mozambique chifukwa chosunga ANC, chipani cholimbana ndi tsankho ku South Africa, ndi kudula njanji zopita ku Beira, Nacala ndi Maputo kuti mayiko opanda nyanja azidalira madoko a South Africa.

Apa ndi pamene nkhani ya kumudzi imalowa, ndipo ndiyo imafotokoza zambiri. Frelimo idachita zabwino zooneka, monga katemera ndi sukulu zakwacha. Koma idachotsanso mafumu pa mipando, ponena kuti anali zida za atsamunda. Idanyoza asing'anga, miyambo ya makolo ndi mipingo kuti ndi zinthu za mumdima. Kenaka idayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi ikuluikulu ya boma, yotchedwa aldeias comunais. Taganizirani mlimi wa ku Nampula amene munda wake, mitengo yake ya kashu ndi manda a makolo ake zili pamodzi. Amuuza kuti asamukire kumudzi watsopano, mtunda wa maola angapo, pa nthaka ya fuko lina, kumene mlembi wa chipani ndiye amagawa malo. Akafuna kulima kwawo ayende mtunda wonsewo tsiku ndi tsiku. Akakolola, sitolo ya boma ilibe mchere, sopo, nsalu ngakhale khasu. Ndalama zambiri za ulimi zinkapita ku minda ikuluikulu ya boma imene inkafuna mathirakitala ndi zipangizo zoitanitsa kunja, ndipo thirakitala ikathyoka kachitsulo kamodzi inkangokhala. Mu 1983 kudabweranso Operação Produção, pamene anthu zikwi zambiri amene ankaonedwa ngati malova m'mizinda adatengedwa mokakamiza kupita ku Niassa ndi madera ena akumpoto.

Renamo ikafika pamudzi wotere inkawotcha nyumba, kupha mlembi wa chipani, kubwezera mfumu pampando ndi kuuza anthu kuti abwerere kumabwinja kwawo. M'madera ena a pakati ndi kumpoto, poyamba anthu adaiwombera m'manja. Chimwemwecho sichidakhalitse. Gululi linalibe ndalama zolipira asilikali, choncho linkadya za anthu omwewo. Pa dongosolo lotchedwa gandira, anthu ankalima, kupereka chakudya ndi kusenza katundu mitunda italiitali mokakamizidwa, ndipo amayi ambiri adagwiriridwa. Anyamata, ena ana enieni, ankagwidwa nkutengedwa kutali ndi kwawo kuti asathe kuthawa. Kudula anthu makutu, milomo ndi mphuno kunali uthenga kwa otsala. Ku Homoíne, m'chigawo cha Inhambane, anthu oposa 400 adaphedwa tsiku limodzi mu July 1987. Chaka chotsatira Robert Gersony, amene adatumidwa ndi boma la America kukafunsa othawa kwawo, adayerekeza kuti Renamo idapha anthu wamba pafupifupi 100,000. Lipotilo lidatseka pakamwa andale a ku Washington amene ankafuna kuti gululi lithandizidwe poyera monga UNITA ya ku Angola. Asilikali a boma nawonso sanali oyera m'manja: ankasamutsa anthu mokakamiza, kulanda chakudya ndi kupha amene ankawaganizira kuti amadyetsa adani.

Nanga boma lokhala ndi ndege ndi akasinja lidalephera bwanji? Alangizi a Soviet Union adasandutsa asilikali a m'tchire a Frelimo kukhala gulu lankhondo la zida zolemera, loyenera kulimbana ndi dziko lina pamalire. Kasinja amafuna msewu, mafuta ndi makaniko. Mdani wake ankayenda pansi m'timagulu, ali ndi AK-47, mabomba okwirira ndi mawailesi abwino ochokera ku South Africa. Kuteteza njanji kumafuna msilikali pa mlatho uliwonse usana ndi usiku, pamene kuiwononga kumafuna anthu khumi ndi usiku umodzi. Nsanamira za magetsi ochokera ku damu la Cahora Bassa zidagwetsedwa mazanamazana, sukulu ndi zipatala za kumidzi zidawotchedwa. Msilikali wa boma amene sadalandire malipiro kapena chakudya kwa miyezi analibe chifukwa chofera pa mlatho.

Machel adayesa njira ya zokambirana. Pa 16 March 1984 adasainirana pangano la Nkomati ndi P.W. Botha, mtsogoleri wa South Africa: Mozambique ichotse zigawenga za ANC, South Africa isiye Renamo. Maputo idasunga mawu ake. Koma mu August 1985, asilikali a Zimbabwe ndi a Mozambique atalanda likulu la Renamo ku Gorongosa, adapeza zikalata zoonetsa kuti asilikali a South Africa adapitiriza kutumiza zida.

Malawi idapezeka pakati pa moto. Mu September 1986 Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda adabwera ku Blantyre kudzauza Kamuzu Banda kuti Renamo ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi, zimene boma la Malawi linkakana. Machel adaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Posakhalitsa Renamo idasefukira ku Zambézia ndi Tete nkulanda matauni angapo. Pa 19 October 1986 Machel adafa ndege yake itagwa ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, ndipo mkangano wa chimene chidagwetsa ndegeyo sudathe mpaka lero. Joaquim Chissano atalowa m'malo, Malawi ndi Mozambique adagwirizana, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi ankalondera njanji ya Nacala monga a Zimbabwe ankalondera njira ya Beira. Katundu amene kale ankadzera madoko apafupiwa adayamba kuzungulira mpaka ku Durban, mitengo ya feteleza ndi mafuta nkukwera. Othawa nkhondo adafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko la anthu okwana mamiliyoni asanu ndi atatu okha, makamaka ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza. Ambiri anali achibale a kuno, olankhula Chisena, Chilomwe ndi Chinyanja, nchifukwa chake ena sadalowe m'makampu koma adangolandiridwa m'midzi.

Chikomyunizimu chidatha nkhondo isanathe, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika. Mozambique idalowa IMF ndi World Bank mu 1984, idayamba kumasula chuma mu 1987, Frelimo idasiya chiphunzitso cha Marx ndi Lenin mu July 1989, ndipo malamulo a dziko a 1990 adalola zipani zambiri. Mfuti zidalirabe zaka zina ziwiri, chifukwa funso lotsala linali lakuti Renamo ipeza chiyani ikatula zida. Zokambirana zidayamba ku Rome mu July 1990, amkhalapakati ali a gulu la Akatolika la Sant'Egidio, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi nthumwi ya boma la Italy. Soviet Union itagwa ndiponso tsankho la South Africa likutha, mbali zonse zidasowa wozipatsa zida. Chilala cha 1992 chidamaliza ntchito: anthu adathawa m'madera a Renamo kukafuna chakudya, gandira nkusowa womukakamiza. Chissano ndi Dhlakama adasaina mtendere pa 4 October 1992.

Akuti anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa, ambiri ndi njala ndi matenda. United Nations idatula zida asilikali pafupifupi 90,000, ndipo chimene chidathandiza kwambiri nkuti aliyense ankalandira ndalama kwa zaka ziwiri, nthawi yokwanira kumanga nyumba, kukwatira ndi kukolola kawiri. Gulu lankhondo latsopano limayenera kukhala la anthu 30,000, theka kuchokera mbali iliyonse, koma odzipereka sadakwane ngakhale theka la nambalayo. Pa chisankho cha October 1994 Chissano adapeza mavoti 53 pa 100 aliwonse, Dhlakama 34, koma ku nyumba ya malamulo Frelimo idapeza mipando 129 ndipo Renamo 112, yambiri kuchokera pakati ndi kumpoto, madera omwe aja a midzi yokakamiza.

Panalibe khoti loweruza milandu ya nkhondo. Kudaperekedwa chikhululukiro kwa onse, ndipo ntchito yosambitsa obwera kunkhondo idatsalira asing'anga ndi mipingo. Mabomba okwirira adapitiriza kudula miyendo mpaka dzikolo lidalengeza mu September 2015 kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Dhlakama adasunga kagulu kake ka asilikali, kumenyana kudabukanso mu 2013, ndipo mu 2016 anthu a ku Tete adawolokanso malire kufika ku Kapise m'boma la Mwanza. Pangano lina lidasainidwa mu August 2019 pakati pa Filipe Nyusi, amene anali pulezidenti wa Mozambique, ndi Ossufo Momade wa Renamo, patapita chaka Dhlakama atamwalira.