Mbiri ya zithunzi za Zanele Muholi ku South Africa

Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 adaletsa kusala munthu chifukwa cha yemwe amamukonda, ndipo mu Novembala 2006 nyumba ya malamulo idavomereza ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Koma m'malokeshoni a anthu akuda ufuluwo sudafike msanga. Mu Febuluwale chaka chomwecho Zoliswa Nkonyana, mtsikana wa zaka 19, adaphedwa ku Khayelitsha chifukwa chokonda akazi anzake. Mu 2008 Eudy Simelane, yemwe adasewerapo mpira m'timu ya dziko ya Banyana Banyana, adagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema. Akazi ambiri ankagwiriridwa ndi amuna onena kuti akuwawongola, ndipo nthawi zambiri dziko linkamva dzina la mkazi wotere atamwalira kale.

Apa m'pamene padayambira ntchito ya Zanele Muholi, yemwe adabadwa mu 1972 ku Umlazi, mumzinda wa Durban, n'kuphunzira kujambula ku Market Photo Workshop, sukulu yomwe katswiri wojambula zithunzi David Goldblatt adakhazikitsa ku Johannesburg. Mu 2002 adayambitsa ndi anzake bungwe la Forum for the Empowerment of Women, lothandiza akazi akuda okondana ndi akazi anzawo, ndipo mu 2006 adayamba mndandanda wa zithunzi za anthu, makamaka akazi otere, wotchedwa Faces and Phases.

Kajambulidwe kake n'kosavuta kukafotokoza, koma kali ndi cholinga chozama. Zithunzizo n'zakuda ndi zoyera basi. Munthu amavala zomwe wasankha yekha, amayang'anitsitsa kamera, ndipo pansi pake pamalembedwa dzina lake, malo ndi chaka. Muholi amawatcha anthuwa otenga nawo mbali, chifukwa chithunzicho amachipanga limodzi, ndiponso ena amawabwerera patapita zaka kuti awajambulenso atakula kapena atasintha. Kulemba dzinalo n'kumene ine ndimakuona kukhala kulimba mtima kwakukulu, pakuti munthu wovomera kuti nkhope ndi dzina lake zipachikidwe poyera amadziwa kuti madzulo abwerera kulokeshoni komweko kumene anzake adaphedwera. Ena mwa ojambulidwawo adamwalira. Busi Sigasa, mmodzi mwa oyamba, adamwalira mu 2007, ndipo chithunzi chake chikuonetsedwabe pamodzi ndi zinzake.

Otsutsa sadasowe ngakhale m'boma. Mu 2009 nduna ya zaluso ndi chikhalidwe, Lulu Xingwana, idatuluka m'chionetsero cha zaluso cha ku Constitution Hill, mumzinda wa Johannesburg, itaona zithunzi za Muholi za akazi akukumbatirana, ponena kuti n'zosemphana ndi makhalidwe abwino. N'zomvetsa chisoni kuti izi zidachitikira pamalo pomwe pali khoti lalikulu loteteza malamulo a 1996 aja.

Mu 2012 akuba adathyola nyumba yomwe Muholi ankakhala ku Cape Town natenga ma hard drive (zipangizo zosungiramo zinthu za pakompyuta) oposa 20, momwe mudali ntchito ya zaka pafupifupi zisanu, kuphatikizapo zithunzi za maliro a akazi ophedwa. Katundu wina wamtengo adamusiya, zomwe zidachititsa ambiri kukhulupirira kuti chomwe ankafuna ndi zithunzizo. Muholi adapitiriza kujambula, uku akuphunzitsa achinyamata kugwira kamera kudzera m'gulu la Inkanyiso lomwe adaliyambitsa mu 2009, kuti azisunga okha mbiri yawo. Lero Faces and Phases ili ndi zithunzi mazanamazana, ndipo mu 2020 idaonetsedwa ku Tate Modern, nyumba yoonetseramo zaluso ya mumzinda wa London.