Jazi ndi magitala aukali anadzera njira ziti pofika ku Chipata?

Akuluakulu a ku Kapata kapena ku Mchini, makomboni a kuno ku Chipata, akayamba kukamba za nyimbo, mkangano wake umadziwika. Ena amati nyimbo zenizeni zinathera pa jazi wa malipenga ndi zitoliro amene makolo awo ankavina atavala masuti. Amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970 amakana, amati palibe anaposa gitala la Paul Ngozi. Ndiye sipalephera kupezeka wina wonena kuti zonsezo n'zachizungu, zathu ndi ngoma ya Angoni, chimtali ndi gule wamkulu. Wachitatuyu ndi amene ine sindimvana naye, chifukwa nyimbozi sizinabwere kuno ndi azungu. Anabwera nazo ndi abale athu omwe, ndipo pofika kuno zinali zitasanduka kale za anthu akuda.

Nkhaniyi imayambira mu 1898, pamene asilikali a atsamunda a ku Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, kupha Nsingo ndi kulanda ng'ombe zambirimbiri. Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Kunabwera msonkho wa nyumba, minda yabwino inapita kwa azungu olima fodya, ndipo amuna anayamba kuyenda pansi kukafuna ndalama ku Halale, ku Bulawayo, ku Wankie, ena mpaka ku Joni. Ambiri anachona. Koma amene ankabwerako sankabwera chimanjamanja: njinga, suti, chipewa, ndipo amene mwayi unamugwera ankasenzanso galamafoni yopukusa ndi malekodi aja osachedwa kusweka. M'malekodimo munali marabi, tsabatsaba, kenako kwela, nyimbo zimene zinabadwira m'makomboni ndi m'mashabini a kummwera. Oyimba ake anali atamva jazi wa anthu akuda a ku America n'kumuphika mwa iwo eni.

Ndiponso katunduyu sankayenda njira imodzi yokha. August Musarurwa, woyimba sakisofoni wa ku Bulawayo, anapeka Skokiaan, ndipo mu 1954 Louis Armstrong mwiniwakeyo anaijambulanso ku America. Ndiye wina akamati jazi ndi wobwereka, tizimufunsa kuti anabwereka ndani kwa mnzake.

Mnyamata wa kumudzi analibe ndalama ya lipenga. Ankatenga chigubu cha mafuta, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga n'kupanga banjo, mnzake n'kukunga ng'oma, wina n'kumanga tizitsekerero ta mabotolo kuti tiziwayaza. Magulu oterewa anali ponseponse, kuno ndi ku Nyasaland komwe, ndipo ambiri ankadzitcha okha kuti ndi a jazi.

Kenako kunabwera wailesi. Boma la atsamunda linayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941 kuti anthu azimva za nkhondo. Vuto linali loti munthu wamba sakanatha kugula wailesi, mpaka mu 1949 pamene Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kupanga kawailesi ka batire kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ka mapaundi 5. Chinyanja chinali chimodzi mwa zinenero za pa wailesiyo, ndipo inkamvekanso ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Apa ndi pamene dzina la Alick Nkhata linalowa m'nyumba za anthu. Iye ankatenga nyimbo za kumudzi n'kuziika pa gitala ndi mawu osalala a anthu angapo oyimbira pamodzi. Anafa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu pafupi ndi munda wake ku Mkushi. Msewu umene uli ndi likulu la wailesi ya boma ya ZNBC ku Lusaka uli ndi dzina lake.

Chimene anthu a ku Lusaka amaiwala n'chakuti ife a kum'mawa makutu athu ali ndi makomo awiri. Kuchoka pa Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, pamene ku Lilongwe sakwana 150. Wailesi ya ku Malawi ya MBC inkalankhula Chichewa chathu chomwechi, moti kwela wa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka sanali mlendo kuno. Komatu mayiko awiriwa ankasiyana mtima pa nkhani ya achinyamata. Kamuzu analetsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo mnyamata wovala buluku lotambalala kumiyendo ankadziwa kuti akangodutsa pa Mwami, ku Mchinji akakumana nazo. Tsidya lino kunali kosiyana.

Nyimbo zimene lero zimatchedwa Zamrock zinaphulika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mkuwa uli pa mtengo wabwino. Anyamata a ku migodi ndi a ku Lusaka anali atamva Jimi Hendrix, James Brown ndi Rolling Stones. Gulu la WITCH linali ndi Emmanuel Chanda, amene dzina lake loti Jagari linachokera kwa Mick Jagger. Panali Amanaz, panali Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Malekodi ankadindidwa ku Ndola ndi kampani ya Teal. Chapakati pa zaka zimenezo Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo aliyense wodziwa kugwira gitala anapeza poyambira.

Tinene zoona, Chipata sanali kwawo kwa nyimbozi. Situdiyo zinali kutali, ife tinali omvera ndi ovina. Koma Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family anatigwira mwapadera chifukwa nyimbo zake zambiri ankaimba m'Chinyanja. Chinali Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka, chimene agogo athu ankachinyoza kuti n'chopindika, koma mawu ake ankamveka, ndipo ankanena za njala, ngongole, mowa ndi mabanja, gitala likukalipa kumbuyo. Kwa ine iyeyu ndiye anali katswiri wa onsewo, ngakhale a WITCH anatchuka kwambiri kunja. Anamwalira mu 1989.

Zinatha mofulumira. Mtengo wa mkuwa unagwa, nkhondo ya Rhodesia inabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, disiko inalowa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Edzi inatenga oyimba ambiri. Kalindula ndi rumba zinatenga malo. Ku Chipata makaseti a ku Malawi, a Alleluya Band ya ku Balaka ndi a Lucius Banda, anadzaza m'misika ndi m'mabasi.

Nanga wailesi yakanema? Ku Zambia inayambira ku Kitwe mu 1961 ndipo kwa nthawi yaitali inali ya matauni a m'mbali mwa njanji. Ife njanji tinaiona mu 2010, ndiponso inachokera ku Mchinji. Ku Malawi nako TV ya boma inayamba mu 1999. Choncho mibadwo yathunthu ya kuno inakula ikudziwa oyimba ndi khutu, nkhope zawo osaziona. Mafilimu a karate ndi a zombo za m'mlengalenga ambiri anawaonera m'timanyumba ta vidiyo, atapanikizana pa mabenchi, wodziwa Chingelezi akufotokozera anzake, mwina akuwonjezerapo zake. Ngakhale pamene mawailesi a konkuno anatsegulidwa, Radio Maria mu 1999 ndi Breeze FM patapita zaka zochepa, anthu anawalandira kuposa mmene analandirira kanema, chifukwa wailesi imapita nawe kudimba.

Malekodi a Zamrock anadzadindidwanso ku America ndi kampani ya Now-Again, ndipo Jagari anabwereranso pa siteji atakalamba. Mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake. Achinyamata ena a kuno anayamba kumva Paul Ngozi motero, pa foni, n'kumakafunsa makolo awo kuti woimba Chinyanjayu anali ndani.