Dzuwa la kunyanja ndi khungu lanu: uthenga kwa apaulendo a ku Salima ndi ku Nkhotakota

Pa 15 Okutobala chaka chilichonse, Tsiku la Anakubala, msewu wa M14 umadzaza mabasi ndi maminibasi otsika ku Lilongwe kupita ku Senga Bay. Anthu amakumbukira nkhuku yootcha, zakumwa, matawulo ndi sipika ya nyimbo, koma chipewa chimatsala pamsomali kunyumba. Tsikuli limagwa m'nyengo imene dzuwa limakhala laukali kwambiri. Pobwerera madzulo mwana amayamba kulira kuti mapewa akumuotcha, sakufuna ngakhale lamba wa chikwama amukhudze, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi khungu la pamphuno ndi pamapewa limayamba kusupuka. Amayi amati ndi madzi a m'nyanja, chonsecho ndi dzuwa.

Uthengawu ndi wa aliyense woyenda m'mbali mwa nyanja: obwera kudzasangalala, ana a sukulu odzaona malo, ogula usipa ndi mpunga, a kabaza ndi amene amawanyamula, okwera lole ya matola pamsewu wa M5, ndi okwera bwato kapena boti.

Chimene chimapsereza khungu sichimveka kutentha

Kutentha kumene timamva pathupi ndi kwina, ndipo cheza chimene chimawononga khungu ndi china. Chezachi amachitcha UV. Sichioneka ndi maso ndipo thupi silichimva, mumangoona ntchito yake pambuyo pa maola angapo. Chilipo cha mitundu iwiri chimene chimafika pansi pano. UVB ndiye amapsereza khungu la pamwamba. UVA amalowa mkati, n'kumakalambitsa khungu msanga ndi kubweretsa mabanga akuda. Onse awiri amawononga timaselo ta khungu, ndipo kuwonongekaku kukamaunjikana chaka ndi chaka kumatha kubala khansa.

N'chifukwa chake mphepo imatinamiza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba pa Chipoka kapena pa doko la ku Nkhotakota, munthu amavala juzi m'mawa n'kumaganiza kuti lero dzuwa lilibe mphamvu. Pamwamba pa lole kapena panjinga yamoto ndi chimodzimodzi: mphepo ya liwiro imaziziritsa thupi pamene manja ndi khosi zikupsa. Mitambo yopyapyala nayo sithandiza kwenikweni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati magawo mpaka 80 mwa 100 a chezachi amatha kudutsa mitambo yotere.

Dziko lathu lili pafupi ndi ikweta. Ku Salima dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Pamuyezo wa UV umene mafoni ambiri amaonetsa pa zanyengo, nambala ikafika pa 3 munthu ayenera kuyamba kudziteteza, ndipo ikafika pa 11 ndiye kuti yafika poipa. Kuno masana a nyengo yotentha nambalayi imafika pa 11 n'kupitirira. Si pachabe kuti malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 60, anamangidwa ku Salima konkuno ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2021.

Kunyanja pamaonjezeka vuto lina. Dzuwa silichokera kumwamba kokha, limabwereranso kuchokera pansi. Mchenga wouma umabweza pafupifupi magawo 15 mwa 100 a cheza chimene chagwerapo, madzi nawonso amabweza lawo, moti munthu wokhala pansi pa ambulera pamchenga amathabe kupsa kunsi kwa chibwano ndi m'miyendo. Kulowa m'madzi sikubisala: pakuya theka la mita, chezachi chimakhalabe ndi mphamvu pafupifupi magawo 40 mwa 100.

"Ife akuda dzuwa silitipsereza"

Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Khungu lakuda lili ndi melanini wambiri, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake n'kumatchinga gawo lina la cheza. N'zoona kuti khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa sipezeka kawirikawiri mwa anthu akuda poyerekeza ndi azungu. Koma melanini satchinga zonse. Khungu lakuda limapsa, kungoti silifiira moonekera, ndiye munthu amazindikira mochedwa: limatentha ukaligwira, limawawa, limathina, limayabwa, kenaka limasupuka. Mabanga otsala ndi ziphuphu amadanso kwambiri akamaombedwa ndi dzuwa, ndipo amayi ambiri oyembekezera amaona mawanga akuda pamasaya ndi pamphumi akuchuluka.

Palinso maso, amene melanini wa pakhungu sawathandiza konse. Yang'anani maso a asodzi akale pa Senga Bay kapena pa Chia, ambiri ali ndi kanyama komera poyera pa diso kulowera pakati. Dzuwa, mphepo ndi fumbi ndi zimene zimakameretsa. Dzuwa limafulumizitsanso ng'ala. Ndipo pali khansa ya poyera pa diso imene imapezeka kwambiri m'maiko athu ano, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Kanthu koyera kapena kofiira kakamakula padiso, musadikire kuti kawawe.

Amene ali pachiopsezo chachikulu

Anthu achialubino ndiwo oyamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Khungu lawo lili ndi melanini wochepa kwambiri kapena lilibiretu, moti limapsa pakangotha mphindi zochepa padzuwa la masana, ndipo khansa ya pakhungu imatenga ambiri a iwo akadali achinyamata. Zimayamba pang'ono. Pakhutu, pakhosi, pamlomo wam'munsi kapena kuseri kwa dzanja pamatuluka kachigamba kouma, kokakala ngati mchenga. Kankhanambo kake kamachoka n'kubweranso, kenaka pamakhala chilonda chosapola. Pa kachigamba paja achipatala amatha kukaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa chilonda chachikulu pamafunika opaleshoni. Mwana wachialubino akamapita ndi anzake kunyanja, aphunzitsi musamusiye kunyumba, ndiponso musamuike pafupi ndi zenera kapena pamwamba pa lole. Avale malaya a manja aatali, buluku kapena siketi yaitali ndi chipewa chachikulu, asambire m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Mafuta oteteza ku dzuwa a anthu achialubino amayenera kupezeka mwaulere m'zipatala za boma, choncho funsani pachipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota ulendo usanafike, chifukwa nthawi zina amatha. Bungwe la anthu achialubino la APAM limathandizanso kulondolera kumene akupezeka. Anthu a ku Nkhotakota nkhaniyi si yachilendo kwa iwo: mu 2021 dera la kumpoto chakum'mawa kwa bomali linasankha a Overstone Kondowe, phungu woyamba wachialubino m'Malawi.

Makanda osakwana miyezi 6 asaikidwe padzuwa n'komwe, ndipo mafuta oteteza ku dzuwa si a msinkhu wawo. Mwana wakumsana pa kabaza mutu wake umakhala panja ulendo wonse pamene mayi akuyang'ana kutsogolo. Mumveke kachipewa. Mukamufunda chitenje, chisiyeni chotakasuka kuti mpweya uzilowa, chifukwa mwana wokutidwa kwambiri amatha kukomoka ndi kutentha.

Odzola mafuta oyeretsa khungu adziwe kuti akuchotsa chitetezo chimene anabadwa nacho. Ambiri mwa mafuta ndi timachubu togulitsidwa m'misika muli mankhwala amphamvu otchedwa hydroquinone, steroid kapena mercury. Khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, ndipo likakumana ndi dzuwa la kunyanja limapsa msanga n'kuda mawanga pamasaya, ena osachokanso. Kuonjezera mafuta omwewo pofuna kubisa mawangawo kumangokulitsa vuto.

Mankhwala ena a kuchipatala amachititsanso khungu kupsa msanga. Odziwika ndi doxycycline, Bactrim, ndi mankhwala a BP otchedwa hydrochlorothiazide kapena HCTZ. Musasiye kumwa mankhwala chifukwa cha ulendo, ingovalani zofunda thupi. Mukatuluka totupa m'malo oombedwa ndi dzuwa okhaokha, kauzeni adokotala.

Pokonza ulendo

Chitetezo chachikulu n'chosagula, ndicho nthawi yonyamukira. Dzuwa limavulaza kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, makamaka pakati pa 10 ndi 2 koloko. Wopanda wotchi ayang'ane chithunzithunzi chake pansi: chikafupika kuposa msinkhu wake, nthawi yofuna mthunzi yakwana. Ngati mukukagula nsomba, lawirani kuti masana akupezeni mutamaliza. Ngati mwabwera kudzasangalala, sambirani m'mawa, masana mudye pansi pa mtengo wa masamba ambiri kapena pakhonde, ndipo mubwerere m'madzi cham'ma 4 koloko. Mthunzi wabwino umachepetsa cheza ndi theka kapena kuposerapo.

M'galimoto nawonso mpando ndi wosankha. Popita ku Nkhotakota kuchokera ku Salima mukulowera kumpoto, ndiye m'mawa dzuwa limalowa kudzanja lamanja, mbali ya nyanja, ndipo madzulo kumanzere. Galasi la zenera limatchinga UVB wambiri koma UVA amadutsa. Madalaivala a maminibasi ayerekeze mikono yawo iwiri: wamanja, wokhala pazenera tsiku lonse, umakhala wakuda ndi wokakala kuposa unzake.

Chovala chimabwera pachiwiri. Malaya a manja aatali otakasuka amateteza bwino ndipo satentha monga anthu amaganizira, chifukwa dzuwa silifika pakhungu. Poyesa nsalu, iyang'anitseni kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa moonekera, chezanso chikudutsa. Chitenje cholimba chimaposa T-sheti yoyera yopyapyala, ndipo T-sheti ikanyowa chitetezo chake chimatsikiratu. Kapu imasiya makutu ndi kumbuyo kwa khosi panja, pamene ndi pomwe pamapsa kwambiri. Chipewa cha mlaza cholukidwa mothinana, chokhala ndi mlomo waukulu kuzungulira mutu wonse, ndi chabwino kuposa kapu yodula. Duku limateteza mutu koma osati nkhope. Ambulera si ya mvula yokha, ndipo abambo asachite nayo manyazi. Magalasi a dzuwa akhale olembedwa UV400. Akuda chabe opanda chitetezo chimenechi amatha kuvulaza maso, chifukwa mumdima wa galasi diso limatseguka kwambiri n'kulowetsa cheza chochuluka.

Za mafuta oteteza ku dzuwa

Mafutawa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka pa golosale iliyonse, ndiye ngati mulibe musaone ngati mwasowa pogwira, chipewa ndi malaya zimagwira ntchito yaikulu. Ngati mungakwanitse, gulani olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo), komanso osonyeza kuti amatchinga UVA ndi UVB. SPF 30 amatchinga pafupifupi magawo 97 mwa 100 a UVB, SPF 50 pafupifupi 98. Kwa achialubino oyenera ndi SPF 50. Onaninso tsiku lothera mphamvu, ndipo botolo musalisiye padzuwa kapena kutsogolo kwa galimoto.

Ambiri amalakwitsa pomadzola pang'ono pofuna kusunga. Munthu wamkulu wovala zosambira amafunika pafupifupi masipuni aakulu awiri thupi lonse. Dzolani mphindi 15 mpaka 30 musanatuluke, ndipo bwerezani pakatha maola awiri aliwonse, komanso mukatuluka m'madzi kapena mukatuluka thukuta lambiri. Makutu, mphuno, milomo, kumbuyo kwa khosi, pamwamba pa mapazi ndi dazi ndi malo amene amaiwalika. Ena mwa mafutawa amasiya nkhope yotuwa ngati yopaka phulusa, amenewo ndi mankhwala otchinga dzuwa monga zinc ndipo savulaza.

Vaselini, gilisalini, mafuta ophikira ndi losheni wamba siziteteza ku dzuwa, zimangofewetsa khungu.

Mukapsa kale

Chokani padzuwa, sambani madzi ozizira bwino kapena ikani nsalu yonyowa pamalo opsawo, ndipo imwani madzi ambiri. Panado amachepetsa ululu. Matuza musawaboole ndipo khungu losupuka musalisende, lichoke lokha. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, ufa kapena dothi, ndiponso vaselini pakhungu lotentha amatsekera kutentha mkati.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati matuza ali pamalo aakulu, ngati wopsayo ndi mwana wamng'ono, kapena ngati pali kutentha thupi, kusanza, mutu waukulu kapena chizungulire. Kunyanja kuno zizindikiro zimenezi zimafanananso ndi malungo, choncho kuyezetsa magazi n'kofunika. Munthu akayamba kuyankhula zosokonekera, kudzandira kapena kukomoka thupi lili lotentha kwambiri, mugonekeni pamthunzi, mumuvule zovala zothina, mumuthire madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo funani galimoto msanga. Wokomoka asapatsidwe chakumwa. Amene akutha kumwa yekha mupatseni madzi kapena Thanzi ORS pang'onopang'ono. Mowa umaumitsa thupi, ndipo woledzera akagona pamchenga masana mudzutseni apite pamthunzi.

Kamodzi pamwezi dziyang'aneni thupi lonse pagalasi, wina akuonereni kumsana. Mwa anthu akuda khansa ya pakhungu imakonda malo obisika, kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, ndiponso pachipsera chakale cha moto kapena pachilonda cha mwendo chimene chakhala zaka chosapola. Banga limene likukula, kusintha mtundu kapena kutuluka magazi, ndi chilonda chimene chatha milungu 4 chisanapole, mukazionetse pachipatala chapafupi. Ngati pafunika kudula kanyama kokayeza, adzakutumizani ku chipatala cha boma kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.