Woweruza sapereka malikisi chifukwa choti mwana wakuwa

Mpikisano wa nyimbo wa ana asukulu ukangotha, dandaulo limene limatidikirira ife oweruza pakhomo la holo limakhala limodzimodzi chaka ndi chaka. Kholo kapena mphunzitsi amakuima kutsogolo n'kunena kuti: "Bambo, ana athu ndiwo amamveka mpaka kumsewu, nanga chikho chapita bwanji kwa aja timachita kutchera khutu kuti tiwamve?" Ena amawonjezera kuti oweruza timakondera sukulu za kumayadi ndipo timanyoza za ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, madera a anthu wamba muno mu Harare. Za kukondera sindidzitchinjiriza, chifukwa munthu amene watsimikiza kale kuti waberedwa samva zonena za wina. Chimene chanditopetsa ndi chikhulupiriro chakuti kuimba bwino ndi kukuwa, pakuti chikhulupirirochi chikulanda makwaya malikisi, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti chikuwononga mawu a ana amene akadaimba mpaka kukalamba.

Mipikisano yambiri ya m'madera mwathu, kaya yokonzedwa ndi sukulu, mipingo kapena magulu a makolo, imayendetsedwa mofanana ndi Eisteddfod, mpikisano wa nyimbo ndi zaluso wa bungwe la National Institute of Allied Arts, lomwe linayamba mu 1913 ndipo likuchititsabe chikondwerero chake muno mu Harare. Kumeneko woimba aliyense kapena kwaya iliyonse imalandira giredi yake pamodzi ndi pepala la ndemanga, ndipo giredi yapamwamba ya Honours ikhoza kupita kwa oimba angapo tsiku lomwelo ngati onse afika pa muyeso wake. Woweruza sayerekeza mwana wanu ndi mwana wa mnzanu. Amayerekeza zimene wamva ndi zimene zalembedwa m'nyimbo imene ili patebulo pake, pensulo ili m'manja.

Choyamba chimene timamvetsera ndi kiyi. Kwaya imene yapatsidwa noti yoyambira pa piyano n'kuimba popanda chida, pomaliza ndimagunda noti yomwe ija pang'onopang'ono kuti ndimve pamene afika. Kwaya yokuwa kawirikawiri imayamba mu F n'kumalizira mu E, kiyi yotsikirapo, ndipo nthawi zina imatsetsereka kuposa pamenepo, ana osadziwa, mphunzitsi osadziwanso. Chifukwa chake n'chosavuta: mwana akamakankha mawu ndi khosi, mpweya umamuthera mzere usanathe, noti yomaliza ya mzerewo imagwa pang'ono, ndipo mzere wotsatira umayambira pomwe wagwerapo. Amene munaphunzira solofa m'makwaya a mpingo mumvetsere mi ndi ti, chifukwa ndi manoti amenewa amene amayamba kufooka. Komanso mwana amene akukuwa sadzimva yekha ndipo samva mnzake wa pambali, choncho palibe chimene chingamubweze.

Kenako timamvetsera ngati mawu akugwirizana. Ndikatha kuloza ndi chala mwana mmodzi pakati pa masoprano 20 n'kunena kuti mawu awa ndi a uyu, kwayayo yataya kale malikisi, ngakhale mwanayo akhale ndi mawu okoma chotani. Timamvetsera katchulidwe, ndipo apa ana athu amene kunyumba amamva Chichewa kwa agogo koma kusukulu ndi kumsewu amalankhula Chishona ali ndi mwayi, chifukwa zilankhulo zonse ziwirizi zili ndi mavawelo 5 osasintha, omwe ndi osavuta kuwaimba mofanana. Timaonanso ngati pamene palembedwa p paimbidwa motsitsa ndi pamene palembedwa f paimbidwa mokweza. Kwaya imene yayamba ndi mphamvu zake zonse ilibenso kokwera ikafika pachimake cha nyimbo, ndipo kuimba motsitsa kiyi osagwa n'kovuta kwambiri kuposa kukweza, n'chifukwa chake aja mumachita kutchera khutu amatenga chikho. Ku marimba vuto ndi lomweli. Zida zimenezi, zomwe zinakonzedwa ku Kwanongoma College ku Bulawayo cha m'ma 1960, zili ndi soprano, tenala, baritoni ndi besi kuti zizimvana, koma wa besi akamamenya timatabwa ta mlombwa ta chidacho ndi mkono wonse, nyimbo ya soprano imamira ndipo woweruza amangomva kugunda.

Malikisi akatayika chaka chino akhoza kupezeka chaka chamawa, ndipo ndikadasiyira pomwepa pakadapanda za kholingo. M'kholingo muli timinofu tiwiri tating'ono tomwe timagundana mpweya ukamadutsa, ndipo kugundanako ndiko kumatulutsa mawu. Mwana akamaimba noti ya A imene oimba amachunira zida, timinofuto timagundana ka 440 pa sekondi imodzi. Akamakuwa, kugundana kulikonse kumakhala kwamphamvu, ndipo pulakatisi ya maola atatu tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo imatupitsa m'mphepete mwake. Zimene zimachitika pambuyo pake n'zofanana ndi zimene mpini wa khasu umachita m'manja: poyamba matuza ofewa, kenako, munthu akapanda kupuma, khungu lolimba. Timinofu tikakhala ndi timabampu tolimba sititsekana bwinobwino, mpweya umapulumuka, mawu amasasa, manoti okwera amasowa, ndipo mwana amakankha kwambiri kuti amveke, zomwe zimakulitsa vuto.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandipwetekabe. Ndinamumva koyamba akuimba yekha m'gawo la ana ang'onoang'ono, mawu ake opepuka ndi olunjika pa noti popanda kufunafuna, ndipo ndinamupatsa malikisi apamwamba. Chaka chotsatira anabwera ali ndi zaka pafupifupi 13, ataimikidwa pakati pa mzere wakutsogolo wa kwaya ya sukulu yake, yomwe sindiitchula, kuti anzake onse azitsatira iye. Misempha ya m'khosi inali itatuluka, chibwano chili m'mwamba, mapewa akukwera pa mpweya uliwonse, ndipo noti iliyonse yokwera inkayamba ndi kampweya kosamveka mawu, kenako n'kudzatuluka mochedwa. Ndinalemba papepala la ndemanga kuti soprano wapakati apumitsidwe ndipo akaonedwe ndi dokotala asanaimbenso. Pepalalo linalowa m'fayilo ya aphunzitsi, amene anangoona giredi n'kulitseka, popeza kwayayo inali itadutsa kupita gawo lotsatira.

Zotsalazo ndinazimva kwa azakhali ake, amene ankamulera. Mawu atasasiratu kutangotsala mlungu umodzi, mnzawo wina anawalozera kwa bambo wina wogulitsa mankhwala pamsika, yemwe ankati amathandiza oimba ndi alaliki. Anawapatsa botolo la madzi ofiirira onunkha jinja ndi adyo, loyabwa pakhosi, ndiponso timapilisi toyera tokulungidwa m'kapepala ka nyuzipepala, topanda dzina. Patangopita masiku awiri mawu anabwerera, ndipo banja lonse linathokoza. Pa tsiku la mpikisano, pa noti yokwera ya ndime yachiwiri, mawu anaduka mwadzidzidzi, mwana n'kutsala akutsegula pakamwa popanda chotuluka. Dokotala wa makutu, mphuno ndi kummero atamuyang'ana anapeza timabampu mbali zonse ziwiri ndiponso magazi atatayikira m'kamnofu kamodzi. Azakhali aja anandifunsa kuti: "Bambo, kodi tinalakwa pati, popeza mankhwala aja anagwira ntchito?" Ndinawayankha kuti: "Mayi, mankhwala aja anachotsa kutupa, ndipo kutupako ndiko kunali kumuuza mwana kuti asiye." Mtsikanayo anachira patapita miyezi, ndipo masiku ano amaimba alto kutchalitchi, koma manoti amene ndinamupatsira malikisi aja sanabwerere.

Ndiye mvetserani, inu makolo. Chilichonse chimene mwana wameza, kaya uchi, ndimu, jinja, dzira laliwisi kapena za m'botolo la pamsika, sichikhudza timinofu ta mawu, chifukwa pomeza njira ya mpweya imatsekeka ndipo chakudya chimatsika njira ina yopita m'mimba. Chikadakhudza, mwanayo akadatsamwa. Madzi ofunda a uchi amafewetsa kummero ndipo sapweteka munthu, choncho sindiletsa, koma sachiritsa kholingo lotupa. Dzira laliwisi likhoza kungomutsegula m'mimba. Maswiti ozizira aja ochititsa dzanzi pakhosi amachotsa ululu, ndipo mwana wosamva ululu amakuwa kuposa kale. Aliyense amene akukuuzani kuti ali ndi mankhwala otsegula mawu akufuna ndalama zanu.

Mapilisi opanda dzina ndiwo oopsa kwambiri. Amene amabweza mawu m'masiku awiri kawirikawiri amakhala a gulu la prednisolone kapena dexamethasone, mankhwala amphamvu omwe dokotala amapereka atayeza wodwala ndiponso atawerengera mlingo malinga ndi kulemera kwa mwana. Mankhwalawa amaphwetsa kutupa koma chilonda chimakhala chikadalipo, ndipo woimba amapita pa siteji akudziona ngati wachira. Ena amagulira ana amoxicillin popanda chikalata cha dokotala, pamene kusasa kwa mawu kobwera ndi chimfine kumayamba ndi mavairasi omwe mankhwalawa sawapha, ndipo kusasa kobwera ndi kukuwa kulibe kachirombo kalikonse koti kaphedwe.

Kusasa kwa chimfine kumatha mkati mwa mlungu umodzi kapena iwiri. Mawu a mwana akakhala osasa kupitirira milungu itatu, mupite naye kukiliniki ndipo munene momveka kuti vutoli lakhalitsa, kuti akulembereni kalata yopita kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi kummero kuchipatala chachikulu monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, chifukwa timinofu ta mawu sitioneka pongotsegula pakamwa ndi kuunika ndi tochi. Pamafunika kagalasi kapena kakamera kolowetsa mkati. Musanene kuti tidikire mpikisano uthe kapena tidikire holide. Timabampu tikadali tofewa timatha ndi kupuma ndiponso kusintha kaimbidwe, koma tikalimba pamafunika miyezi, ndipo nthawi zina opaleshoni. Chinanso n'chakuti si kusasa konse kumene kumabwera ndi kuimba. Pali njerewere zina zimene zimamera m'kholingo mwa ana chifukwa cha kachirombo ka HPV, zomwe zimayamba ndi mawu osasa ndipo zikakula zimatseka njira ya mpweya, moti ena amaziyesa mphumu. Chifuwa chachikulu nachonso chimafika m'kholingo. Mphunzitsi wa kwaya sangasiyanitse zimenezi ndi khutu, ndipo inenso woweruza sindingathe, n'chifukwa chake papepala timalemba kuti akaonedwe ndi dokotala. Mwana amene akulira mluzu pokoka mpweya, akulephera kumeza, akutsokomola magazi kapena mawu amuthera mwadzidzidzi ali mkati moimba apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Anyamata ali ndi vuto lawo lapadera, limene aphunzitsi ambiri amalidziwa koma amalinyalanyaza mpikisano ukayandikira. Pakati pa zaka 12 ndi 15 kholingo la mnyamata limakula msanga ndipo mawu amatsika pafupifupi okitevi yathunthu, kuchoka pa do wapamwamba kufika pa do wapansi. Mnyamata amene chaka chatha anali soprano wodalirika sangakhale soprano chaka chino chifukwa choti aphunzitsi alibe wina womulowa m'malo, ndiponso kumukankhira ku besi kuti azibangula manoti amene sanawafike n'kulakwa komweko. Ayesedwe mawu mwezi ndi mwezi ndipo aimbe manoti okhawo amene akutuluka popanda kukankha, ngakhale atakhala ochepa. Woweruza aliyense wodziwa ntchito amamva mawu amene akusintha ndipo salanga kwaya chifukwa cha zimenezo.

Mpikisano ukagwera nyengo yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mpweya wa Harare umakhala wouma ndi wafumbi, ndipo magetsi akazima ana amagona m'nyumba zodzaza utsi wa nkhuni, zonsezi zikuumitsa kholingo. Mwana azimwa madzi tsiku lonse, osati kungopapira pa nthawi yoimba. Pulakatisi ya ana a kupulaimale isamapitirire ola limodzi popanda kupuma, ndipo mlungu womaliza ukhale wochepetsa, osati wowonjezera. Tsiku la mpikisano lenilenilo ndaonapo makwaya ambiri akufika atatha kale mawu chifukwa choimba ndi kukuwa mu kombi (minibasi) njira yonse kuchokera ku Chitungwiza, tauni yoyandikana ndi Harare, mawindo ali otsegula. Mwana amene mawu asasa asalankhule kwambiri, ndipo asanong'one, chifukwa kunong'ona mokakamiza kumaumitsa khosi kuposa kulankhula motsitsa.

Akadzuka m'mawa wa mpikisano mawu ali osasa, asaimbe. Mphunzitsi akakana, inu kholo muli ndi mphamvu yomuchotsa mwana wanu pamzere, ndipo kwaya imene singaimbe chifukwa chosowa mwana mmodzi inali isanakonzeke. Mpikisano ukatha, pitani kusukulu mukapemphe kuona pepala la ndemanga, osati giredi yokha, ndipo ngati lalembedwa m'Chingerezi chovuta kapena m'malembedwe othamanga, aphunzitsi akuwerengereni mzere ndi mzere, makamaka pamene patchulidwa mwana amene anaima pakati pa mzere wakutsogolo.