Mankhwala ndi nyimbo kwa mayi wokhumudwa atachira

Mayi akatuluka m'chikuta, mafunso onse amakhala a mwana: akuyamwa bwino? Mchombo wagwa? Sikawirikawiri wina kufunsa mayiyo ngati tulo akutiona. Kulira popanda chifukwa m'masiku oyambirira n'kofala, ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Koma zikapitirira, mayi n'kumangoganiza kwambiri, nsima osaifuna, mtima uli phaphapha poopa kuti mwana amwalira, amenewo ndi matenda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko osauka, amayi pafupifupi 20 mwa 100 alionse amadwala maganizo akachira.

Matendawa akakula, ife azachipatala timapereka mankhwala monga fluoxetine, amitriptyline kapena sertraline. Sertraline timamukonda kwa oyamwitsa chifukwa amalowa pang'ono kwambiri mu mkaka. Chovuta n'chakuti mankhwalawa ndi ochedwa. Pamatha masabata awiri kapena anayi mayi asanamve kusintha, ndipo ambiri amawasiya nthawi imeneyi, akuti sakugwira ntchito.

Ine nyimbo ndimaziona zaphindu m'masabata odikirawa. Mu 2018, akatswiri ofufuza, Daisy Fancourt ndi Rosie Perkins, anafalitsa kafukufuku wa amayi 134 a ku London. Ena ankaimba pagulu ndi ana awo kwa masabata 10, ena ankasewera nawo pagulu, ena ankangolandira chithandizo cha nthawi zonse. Mwa amayi amene matenda anali atawagwira kwambiri, oimba aja anayamba kupeza bwino msanga. Sizodabwitsa. Woimba amapuma mozama, thupi n'kukhazikika. Amatuluka m'nyumba n'kukumana ndi anzake a mavuto omwewo. Ndipo mwana akatonthola atamva mawu a mayi ake, mayi uja amene ankadziona wolephera amayamba kudzikhulupirira.

Kwathu kuno kuimba sitichita kuphunzira kwa alendo. Kusikelo timaimba, ku Mvano timaimba. Chimene ndimakana n'chakuti apongozi kapena amayi a kumpingo auze wodwala kuti ataye mapiritsi popeza wayamba kuseka kukwaya. Mankhwalawa amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo mayi atapeza bwino, ndipo posiya timachepetsa pang'onopang'ono, osati lero n'lero.

Mayi akamanena zodzipha kapena zopweteka mwana, akamamva mawu amene ena sakumva, kapena akatha masiku osagona koma osatopa, musayambe ndi nyimbo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asatsale yekha ndi mwana.