Mbiri ya maina a mbalame ya cockatiel

Munthu amene wagula kamwana ka cockatiel, mbalame yaing'ono ya m'gulu la zinkhwe yokhala ndi tsumba pamutu, n'kumasinkhasinkha dzina loti akapatse amapeza kuti mbalameyi inapatsidwa kale maina ambiri, ndipo ena mwa mainawo anaperekedwa ndi anthu amene sankaidziwa bwino. Kwawo kwenikweni kwa mbalameyi ndi ku Australia, makamaka m'madera ouma a m'kati mwa dzikolo, kumene imayenda m'magulu posaka madzi ndi njere za udzu. Eni nthaka a kumeneko anali ndi maina awo kalekale, ndipo awiri amamvekabe pakamwa pa anthu mpaka lero: kum'mawa amati quarrion, pomwe kumadzulo amati weiro.

Akatswiri a ku Ulaya anachita kubwera pambuyo. M'chaka cha 1792, Robert Kerr wa ku Scotland anailemba m'buku ngati Psittacus hollandicus, potengera dzina lakuti New Holland limene amalinyero a ku Netherlands anapatsa dziko limene lero timati Australia. Pamene Johann Georg Wagler wa ku Germany ankaiika m'gulu lakelake la Nymphicus mu 1832, boma la Britain linali litavomereza kale dzina lakuti Australia, komabe hollandicus sanachotsedwe, moti mpaka pano asayansi akuitchula ndi dzina lakale la dzikolo, dzina limene linafufutika pa mapu zaka pafupifupi 200 zapitazo.

Vuto lomweli, la dzina lokhalitsa kuposa chifukwa chake, limagweranso oweta m'nyumba. Ana a cockatiel ya mtundu wotuwa onse amaoneka ngati aakazi: nkhope yotuwira, kadontho kofiirira kosawala patsaya, ndi timizere tachikasu kunsi kwa mchira. Ikafika miyezi 6 mpaka 9, nthenga zoyamba zimathothoka, ndipo yaimuna imatuluka ndi nkhope yachikasu chowala, timizere tija n'kuzimiririka. Pa nthawi imeneyo dzina lachikazi limakhala litazolowereka m'banja monse, ndipo popeza yaimuna ndi imene imakonda kuimba mluzu ndi kutsanzira mawu, si zachilendo kuimva ikudziitana yokha ndi dzina lolakwikalo, tsumba lili chilili. Mbalame yosamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, mwinanso kuposerapo, choncho nkhaniyi si ya masiku ochepa ayi.

Kuweta kunasokonezanso zinthu. Kuchokera cha m'ma 1960, Australia inaletsa kugulitsa kunja mbalame zake zakutchire, kotero cockatiel zimene zili m'manyumba m'maiko ena ndi zoswedwa m'makola. Oweta anayamba kusankha mitundu yachilendo, monga lutino, yoyera mosakanikira ndi chikasu komanso ya maso ofiira, imene inaonekera koyamba ku Florida mu 1958. Mitundu yotereyi inabweretsa chizolowezi chotcha mbalame potengera maonekedwe a nthenga, koma inachititsanso kuti nkhope isamaulule msanga ngati mbalameyo ndi yaimuna kapena yaikazi.

N'chifukwa chake oweta ena amatumiza nthenga ku labotale kuti akapime DNA n'kudziwa ngati mbalameyo ndi yaimuna kapena yaikazi asanasankhe dzina, pomwe ena amangosankha dzina lalifupi, losavuta kuitana, loyenera yaimuna ndi yaikazi yomwe. Kwa ine njira yachiwiriyi ndi yanzeru, chifukwa silira ndalama ndipo mbalame imayamba kuzolowera kuitanidwa kuyambira tsiku limene yafika pakhomo.